Mpingo Umene Umadziwa Maina a Osauka

Chaka ndi chaka pa 4 Okutobala dziko lathu la Mozambique limapumula pa ntchito pokumbukira mtendere ndi chiyanjanitso. Achikulire pakati pathu safuna munthu wowauza tanthauzo la tsikuli. Iwo akukumbukira usiku wogona kutchire, midzi yotenthedwa, ng'ombe zolandidwa, ndi ulendo wapansi wopita ku Dedza ndi ku Ntcheu, mwana kumsana, kamtolo pamutu. Nkhondo ija inatenga zaka 16, inapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo enanso pafupifupi miliyoni imodzi anathawira m'dziko la Malawi. Pa 4 Okutobala 1992, mu mzinda wa Roma, Pulezidenti Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo, Afonso Dhlakama, anasaina pangano lothetsa nkhondoyo, ndipo tinayamba kubwerera ku mabwinja athu.

Koma ndi angati mwa ife amene anafunsapo kuti, chifukwa ninji ku Roma? Zokambirana zija sizinachitikire m'nyumba ya mfumu kapena m'bwalo la mabungwe aakulu a dziko lapansi ayi. Zinachitikira m'nyumba yakale ya masisitere, yopatsidwa kwa gulu la akhristu wamba a Chikatolika lotchedwa Sant'Egidio, amene madzulo aliwonse amasonkhana kupemphera m'tchalitchi cha parishi ya Santa Maria in Trastevere. Mwezi uno tifuna kuti tionere limodzi moyo wa parishi imeneyi: mapemphero ake, umodzi wake ndi ntchito zake zachifundo.

Tikudziwa kuti wina adzati, kodi tsamba lathu lino layamba liti kutamanda Akatolika? Sitikubisa kuti timasiyana nawo pa zinthu zazikulu, monga Misa, udindo wa Papa, ndi kupempha thandizo la Mariya ndi oyera mtima. Pa zimenezi tikuima pamene tinaima kale. Koma akulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo Ambuye mwini, pofuna kuphunzitsa Ayuda za chifundo, anawapatsa chitsanzo cha Msamariya, munthu amene iwo sankapemphera naye pamodzi. Chotero tisachite manyazi kuphunzira kwa anansi athu.

Dzina lakuti Trastevere litanthauza kutsidya kwa mtsinje wa Tiber. Tchalitchi cha Santa Maria cha kumeneko ndi chimodzi mwa matchalitchi akale kwambiri a mu Roma, ndipo nyumba imene ilipo lero inamangidwa m'zaka za m'ma 1100. Koma moyo umene tikukamba pano unayamba ndi ana a sukulu. Mu Febuluwale 1968 mnyamata wina wa sukulu ya sekondale, Andrea Riccardi, anasonkhanitsa anzake kuti aziwerenga Uthenga Wabwino pamodzi. Atawerenga, sanakhale pansi. Anayamba kupita ku zisakasa za m'mphepete mwa mzinda, kumene kunkakhala mabanja osauka, kukathandiza ana a kumeneko pa maphunziro awo. Mu 1973 anapeza malo pa katchalitchi ka Sant'Egidio, pafupi ndi Santa Maria, ndipo gululo linatenga dzina la malowo. Anthuwa si ansembe kapena masisitere, ngakhale kuti ena mwa iwo pambuyo pake anadzozedwa unsembe. Ambiri ndi aphunzitsi, madokotala, ogwira ntchito m'maofesi, amuna ndi akazi a mabanja awo, amene amatumikira akaweruka ku ntchito popanda malipiro.

Chinthu choyamba chimene tiona pa parishi imeneyi ndi pemphero la madzulo. Tsiku lililonse dzuwa likalowa tchalitchi chimatsegulidwa, anthu amayimba Masalimo, amamva mau a Mulungu ndi kulalikira kwachidule, napemphera. Lolemba amakumbukira osauka. Lachisanu amakumbukira mtanda wa Yesu. Kamodzi pa mwezi amapempherera odwala, ndipo kamodzinso pa mwezi amapempherera mtendere: munthu amawerenga maina a maiko onse amene muli nkhondo, limodzi ndi limodzi, ndipo pa dzina lililonse amayatsa kandulo. Kandulo si mwambo wathu, koma taonani nzeru yake. Munthu amene watchula dzina la dziko pamaso pa Mulungu mwezi ndi mwezi sangamve za dzikolo pa wailesi ngati nkhani ya anthu achilendo.

Chinthu chachiwiri ndi chakudya cha pa Khirisimasi. Pa 25 Disembala 1982, mapemphero atatha, anaika matebulo mkati mwenimweni mwa tchalitchi chokongola chija, nakhazika anthu ochepa okalamba ndi ogona m'misewu, amene tsikulo analibe kolowera. Kuyambira pamenepo mwambowu wakula, ndipo wafalikira ku maiko ambiri, kuphatikizapo dziko lathu lino. Chimene chimatigwira mtima si kuchuluka kwa chakudya ayi, koma kuti mlendo aliyense amalandira mphatso yolembedwa dzina lake. Kuti ulembe dzina la munthu pa mphatso mu Disembala, uyenera kukhala utamudziwa mu Meyi ndi mu Ogasiti. Phwandolo ndi chipatso cha kuyenderana kwa chaka chonse. Momwemonso pa nyumba yodyera ya osauka imene anatsegula mu 1988 pa msewu wa Dandolo: wosauka amakhala pa tebulo, ndipo otumikira amamubweretsera chakudya monga achitira kwa mlendo wolemekezeka.

Chinthu chachitatu ndi chikumbutso cha mayi wina dzina lake Modesta Valenti. Mayiyu anali ndi zaka 71, analibe nyumba, ndipo ankagona pa siteshoni yaikulu ya sitima ya Termini. Pa 31 Januwale 1983 anadwala mwakayakaya. Anthu anaitana ambulansi, koma itafika anakana kumunyamula chifukwa anali wauve. Anamwalira pomwepo atavutika kwa maola angapo, pakati pa mzinda wodzaza matchalitchi. Akhristu a Sant'Egidio anatenga imfa imeneyi ngati mlandu wa onse. Chaka chilichonse amachita mapemphero m'tchalitchi cha Santa Maria okumbukira Modesta, ndipo amawerenga maina a onse amene anafera m'misewu, kuti pasakhale womwalira ngati galu. Pambuyo pake akuluakulu a mzinda wa Roma anakhazikitsa keyala ya pa pepala yotchedwa Via Modesta Valenti, kuti munthu wopanda nyumba athe kulembetsa m'kaundula ndi kulandira thandizo la boma. Tikumbuke kuti m'fanizo la pa Luka 16 munthu wolemera uja sanatchulidwe dzina, koma wopemphapempha wa pakhomo pake Ambuye anamutchula: Lazaro.

Tsono mtendere wa Mozambique unalowa bwanji m'nyumba yotere? Unalowera pa khomo lomwelo la ubwenzi ndi chifundo. M'zaka za m'ma 1970 Episkopi Jaime Gonçalves wa ku Beira anadziwana ndi akhristu a ku Trastevere, nawafotokozera mavuto a kwathu. Iwo anayamba kutipempherera, ndipo njala ndi nkhondo zitakula m'zaka za m'ma 1980 anatumiza chakudya ndi mankhwala. Mwa njira imeneyi anadziwika ku boma ndiponso ku Renamo monga anthu osafuna mgodi, munda kapena mpando. Kunonso mipingo sinagone. Mu 1989 atsogoleri a Chikatolika pamodzi ndi a Bungwe la Chikhristu la Mozambique, mwa iwo Episkopi Dinis Sengulane wa Anglican, anakumana ndi Renamo ku Nairobi kutsegula njira. Mu Julayi 1990 nthumwi za mbali ziwirizo, Armando Guebuza wa boma ndi Raul Domingos wa Renamo, zinakhala pansi koyamba ku Sant'Egidio. Amkhalapakati anali anayi: Andrea Riccardi, Episkopi Gonçalves, Mario Raffaelli woimira boma la Italy, ndi wansembe Matteo Zuppi, amene pa nthawiyo anali wothandiza bambo mfumu wa parishi ya Santa Maria in Trastevere, nadzakhala bambo mfumu wake kuyambira 2000 mpaka 2010.

Zokambiranazo zinatenga miyezi 27. Ambiri anataya mtima, pakuti kuno anthu anali kufabe. Koma kuona maso a nkhono nkudekha. Anthu amene anazolowera kukhala pansi ndi nkhalamba yosamva bwino, kapena ndi chidakwa chobwereza nkhani imodzimodzi, anali ataphunzira kale kumvetsera munthu wovuta popanda kumutaya. Kudekha kumene anakuphunzira pa tebulo la osauka ndi kumene anakugwiritsa ntchito pa tebulo la ankhondo. Ndipo mtendere utabwera sanatisiye: mu 2002 anayamba ku Machava, pafupi ndi Maputo, ntchito yotchedwa DREAM yopereka mwaulere mankhwala otalikitsa moyo kwa odwala Edzi ndi kuteteza ana obadwa kwa amayi a kachilombo, pa nthawi imene ambiri ankati mankhwala otere ndi odula kwa anthu a mu Afirika.

Abale ndi alongo, tibwere kwathu tsopano. Mipingo yathu ili ndi zabwino zambiri. Timayimba, timalalikira, timapereka masika, ndipo pa maliro palibe wotiposa: ufa umafika, nkhuni zimafika, adzukulu amakumba manda, amayi amagona pa siwa. Koma tidzifunse moona mtima. Kodi gogo uja amene tinamuyimbira nyimbo usiku wonse, anadwala miyezi ingati asanaone mkhristu pakhomo pake? Ufa umene tinasenza pa maliro ake, ukadafika ali moyo, sukadakhala phala lomudzutsa? Kawirikawiri timapempherera amasiye, odwala ndi osowa ngati gulu lopanda nkhope, ndipo pemphero lotere silitilemetsa pa mtima, chifukwa silitituma kwa munthu aliyense. Kawirikawirinso ntchito yoyendera ovutika taisiyira amayi a Chigwirizano okha, ngati kuti chifundo ndi yunifomu yawo, pamene abambo ndi achinyamata tikuonerera.

Sitikunena kuti ntchito zachifundo zimatipulumutsa. Tinapulumutsidwa ndi chisomo, mwa chikhulupiriro. Koma kalata ya Yakobo imatichenjeza za chikhulupiriro chimene chimauza wamaliseche ndi wanjala kuti apite mu mtendere osamupatsa kanthu, ndipo pa Machitidwe 6 mpingo woyamba unasankha amuna asanu ndi awiri chifukwa cha dandaulo lakuti akazi amasiye ena anali kuiwalika pa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Udindo wa atumiki unabadwa pa nkhani ya mbale ya mayi wamasiye. Ngati lero atumiki athu angotsala ndi kuwerenga chopereka ndi kukonza mabenchi, ndiye kuti tautaya mutu wa udindowo.

Chotero tikupempha zinthu zinayi zimene sizifuna ndalama za kunja. Choyamba, mlaga uliwonse ulembe m'kope maina a okalamba okhala okha, odwala nthawi yaitali, ana amasiye ndi olumala a m'dera lake, a mpingo wathu ndi osakhala a mpingo wathu omwe, ndipo mainawo azitchulidwa m'pemphero sabata ndi sabata, mosamala ulemu wa eni ake. Chachiwiri, dzina lililonse likhale ndi munthu kapena banja lomuyendera, ndipo akulu a mpingo azifunsa pa msonkhano wawo kuti wakutiwakuti anaonedwa liti. Chachitatu, pa chimanga ndi nyemba za masika tipatule gawo losagulitsa, lisungidwe bwino kufikira Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zauma ndipo okalamba sangathe kupita ku ganyu. Chachinayi, pa Khirisimasi ikubwerayi tiphike pa tchalitchi, tiitane amene sangathe kutibwezera, monga Ambuye analangizira pa Luka 14, ndipo abusa ndi akulu a mpingo akhale oyamba kuthira madzi m'manja mwa alendowo.

Tisaiwalenso pemphero la mtendere. Kuyambira mu 2017 abale athu a ku Cabo Delgado aona zimene ife tinaona: midzi yotenthedwa ndi ulendo wothawa. Ife amene anthu a kutali anatchula dzina la dziko lathu pamaso pa Mulungu pa nthawi ya msauko wathu, tili ndi ngongole. Kamodzi pa mwezi tingathe kutchula Mocímboa da Praia, Palma ndi Macomia, pamodzi ndi maiko ena a nkhondo, m'mapemphero athu a Lamulungu. Ndipo ngati m'mudzi mwathu muli parishi ya Chikatolika kapena mpingo wina umene ukuyendera kale nkhalamba yomweyo, tisapikisane nawo. Tigawane masiku, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Ana a sukulu aja a mu 1968 sanadziwe kuti tsiku lina adzathandiza kuletsa mfuti m'dziko limene anali asanalionepo. Iwo anangoyamba ndi Baibulo lotsegula ndi mwana wa m'chisakasa wosadziwa kuwerenga. Ifenso sitidziwa chimene Mulungu adzachita ndi kukhulupirika kwathu pa zazing'ono. Chimene tikudziwa ndi chakuti pafupi ndi tchalitchi chathu pali khomo limene palibe wagogodapo mwezi uno, ndipo mwini wake ali ndi dzina.

Ambuye atipatse maso oona ndi miyendo yofulumira. Mtendere ukhale nanu nonse kufikira tidzakumanenso pa tsamba lino mwezi wamawa.