Khadi yamphamvu, chingwe chopapatiza

Ambiri mumandifunsa ngati kulumikiza graphics card ya kompyuta yapadesiki ku laputopu kungathetse kukakamira kwa magemu. Kumathandiza ndithu, koma ine ndikuti musathamangire kugula.

Vuto ndi chingwe. Mu kompyuta yapadesiki, khadiyi imalumikizana ndi purosesa kudzera m'tinjira 16 ta PCIe, pomwe Thunderbolt 3 imangopereka tinjira 4. Zili ngati kukhuthula diramu yamadzi kudzera m'kapaipi. Mukamaonera pa sikirini ya laputopuyo, zithunzi zimabwerera m'chingwe chomwecho, mpata n'kuchepanso.

Ndiye musanavutitse makolo, yang'anani kachizindikiro ka mphenzi pambali pa bowo, poti si USB-C iliyonse yomwe ndi Thunderbolt. Komanso bokosi la khadiyo limadalira magetsi apakhoma. Akangozima, gemu yathera pomwepo, ngakhale batire litadzaza.