Kuchekacheka: luso lomwe silinasinthe dzina

Mawu akuti kucheka ali m'Chichewa, alinso m'Chishona, ndipo tanthauzo lake ndi limodzi. A Gareth Nyandoro, katswiri wa zojambula wa ku Zimbabwe, anatenga mawu amenewa n'kutcha luso lawo kuti kucheka-cheka. Amapaka inki papepala lalikulu, kulicheka ndi mpeni wakuthwa, kusenda timizere take, kenaka n'kumata zidutswazo pansalu. Zina amazisiya zikulendewera, zina zili mbwee pansi pa chithunzicho.

A Nyandoro anabadwira ku Bikita m'chaka cha 1982. Anaphunzira ku Harare Polytechnic ndi ku Chinhoyi University of Technology, kenaka ku Rijksakademie mumzinda wa Amsterdam. Mu 2015 anali mmodzi mwa oimirira dziko lawo pachionetsero chachikulu cha ku Venice, mu 2016 analandira mphotho ya Emerging Voices, ndipo mu 2017 ntchito zawo zinaonetsedwa ku Palais de Tokyo mumzinda wa Paris. Konseko anapita ndi zithunzi za mavenda ndi anthu a pamsika, ndipo dzina la lusolo silinasinthe. Olemba za luso a ku Ulaya ndiwo anaphunzira kulitchula.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri Achewa a m'chigawo cha Midlands. Ku Gweru, Shurugwi, Kwekwe ndi Zvishavane kuli zidzukulu za anthu omwe anachoka ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafakitale. Ntchitozo zinachepa: ng'anjo za Ziscosteel ku Redcliff zinazima mu 2008, ndipo achinyamata ambiri lero akudalira malonda a m'mbali mwa msewu, moyo womwewo umene a Nyandoro amajambula.

Luso lolumikiza zidutswa si lachilendo m'makomboni amenewa. Gule wamkulu, yemwe Ashona amamutcha zvigure, amatulukira pabwalo atavala ziguduli, sanza, nthenga ndi zikopa, zonse zitasanduka chinthu chimodzi chokhala ndi dzina ndi phunziro lake. Wina anganene kuti gule ndi mwambo, si katundu wa m'nyumba zoonetsera zithunzi. Akunena zoona, ndipo za kudambwe zitsale kudambwe. Koma diso loona phindu m'chiguduli chotayidwa si chinsinsi. Mwana wa ku Shurugwi angathe kuligwiritsa ntchito pa makatoni, mapepala ndi nsalu zakutha, n'kufotokoza mbiri ya agogo ake omwe analowa pansi kukakumba miyala.

Funso n'lakuti adzalitcha chiyani luso lakelo. Ambiri amakhulupirira kuti dzina la Chingerezi ndilo limakopa ogula, koma ulendo wa a Nyandoro ukutsutsa zimenezi. Chichewa chili ndi mawu okwanira: kumata, kuphatikiza, kusoka zigamba, ngakhale kuchekacheka komweko, pakuti kubwereza tsinde la mneni posonyeza ntchito yochitika kambirimbiri ndi khalidwe la zilankhulo ziwiri zonsezi.

Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013 amavomereza Chichewa pakati pa zilankhulo 16. Komatu fodya wako ndi uyo ali pamphuno: chilankhulo cholembedwa m'malamulo chokha sichipindulira mwini wake ngati zinthu zatsopano sizikutchulidwa m'chilankhulocho. Wojambula wa ku Gweru akadzapatsa ntchito yake dzina la Chichewa, alendo adzaliphunzira monga anaphunzirira la a Nyandoro.