Tanthauzo la catalyst musangoliloweza

Sabata yatha ndinafunsa ophunzira anga a Fomu 4 kuti catalyst ndi chiyani. Anayankhira pamodzi ngati kwaya: chinthu chofulumizitsa reaction koma icho osatha. Nditafunsa kuti chimafulumizitsa bwanji, kalasi yonse inangoti zii. Ine ndimaphunzitsa Physics, koma chete ameneyu anandipweteka. Kuloweza kotereku kungakupatseni malikisi awiri pa MSCE, koma funso likangotembenuzidwa pang'ono, mwagwa nayo.

Tiyambire pa kabaza wa njinga yamoto pano pa Mchinji Boma. Petulo amene amathira amafika m'dziko muno atayengedwa kale, kudzera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Mafuta akamatuluka pansi pa nthaka amakhala ndi mamolekyu ambiri a hydrocarbon aataliatali ngati unyolo, olemera moti injini ya njinga singayendere. Kuti petulo achuluke, unyolowo uyenera kudulidwa. Eugene Houdry anayamba kuchita zimenezi m'mafakitale m'zaka za m'ma 1930 pogwiritsa ntchito dothi lotsukidwa ndi asidi. Kuyambira m'ma 1960, ntchitoyi imagwiridwa ndi ufa wotchedwa zeolite, pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 500.

Zeolite ndi wodzaza timabowo tosakwana nanomita imodzi kukula kwake. M'makoma a timabowoti muli malo a asidi, pomwe aluminium wakhala m'malo mwa silicon ndipo pali proton yodikira. Molekyu ikalowa imamatirira pakhomapo. Kumatirira pamwamba kumeneku ndiye adsorption. Musasokoneze ndi absorption, komwe ndi kulowerera m'kati mwa chinthu chonse. Molekyu ija ikamatirira imalandira proton, unyolo n'kuduka, tizidutswa n'kuchoka, malowo n'kulandira ina.

Ganizirani za kuchigayo. Munthu wongosuzumira n'kudutsa sagayitsa. Wina akagayitsa n'kukhala pomwepo osachoka, mzere suyenda. Catalyst wabwino amagwira molekyu mokwanira kuti isinthe, koma osaikakamira. Mfundo imeneyi imadziwika ndi dzina la Paul Sabatier, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 1912. Ndiye zoti catalyst satha muzizimva mosamala: mwaye wa carbon umatseka timabowo ta zeolite m'masekondi ochepa, ndipo amachita kuuwotcha kuti ufawo ugwirenso ntchito.

Ena anena kuti zimenezi n'za mayiko okhala ndi malabu odula, ife tingoloweza basi. Apa ndiye ndimakana. Tengani makala apambaula, zidutswa ziwiri zofanana. Chimodzi chisiyeni chathunthu, chinacho sinjani mpaka chikhale ufa. Dontheza inki pang'ono m'madzi, gawani m'mabotolo awiri, ikani makalawo, khutchumulani, ndipo mawa lake musefe ndi thonje. Yerekezani mtundu wa madziwo. Makala ndi omwewo, kulemera n'komweko, chasintha ndi kukula kwa malo omatirirapo. N'chifukwa chake makala okonzedwa mwapadera, amene gramu imodzi imaposa masikweya mita 500, amagwiritsidwa ntchito posefa madzi. Madzi anuwo musamwe ayi.

Inde, pamenepa makala sakudula molekyu iliyonse, choncho sakugwira ntchito ya catalyst. Koma sitepe yoyamba, kumatirira, ndi yomweyo, ndipo mwaiona ndi maso anu. Aphunzitsi anzanga amati silabasi ndi yaitali, nthawi palibe. Zoona, koma izi zimangodya piriyodi imodzi, ndipo amene wasefa yekha madzi aja sadzasokonezanso adsorption ndi absorption.

Kayeseni Loweruka lino, mulembe zimene mwaona. Zikakanika, lembaninso zomwezo, tidzafufuze limodzi chifukwa chake.