Mlandu Suola, Ngakhale Woimba Atchuke Motani

Anthu a ku Nselema, monganso anzawo a m'maboma onse awiri a Machinga ndi Balaka, ndi anthu okonda nyimbo ndiponso odziwa kulemekeza oimba. Ikamveka mbiri yakuti gulu la oimba lafika pamalo a malonda, makamaka m'nyengo imene alimi agulitsa mpunga ndi nandolo, m'midzi mumatsala nkhalamba zokhazokha. Palibe cholakwika pa zimenezi. Boma la Balaka lili ndi mbiri yonyaditsa pa maimbidwe kuyambira pamene gulu la Alleluya Band linakhazikitsidwa m'chaka cha 1978, ndipo oimba ambiri a m'dziko muno ndi anthu a mwambo, olera ana awo ndi thukuta la luso lawo.

Koma ulemu umene anthu amapereka kwa oimba uli ndi msampha wake. Pali chizolowezi choipa choganiza kuti munthu akatchuka pa wailesi, ndiye kuti wakwera pamwamba pa lamulo. Woimba wotere akagona ndi mtsikana wa pa sukulu, nkhaniyo imanong'onedwa kumsika masiku awiri, kenaka amalume aitanidwa kuseri, ndalama zisintha manja, ndipo mwanayo auzidwa kuti atseke pakamwa kuopa kuchititsa manyazi banja. Zikatha zaka khumi, mwana uja atakula ndi kulimba mtima kuti aulule, anthu omwewo amamufunsa kuti anali kuti nthawi yonseyi. Maganizo amenewa ndi obwerera m'mbuyo, ndipo mtsogoleri aliyense wa Chipani ndi wogwira ntchito m'Boma ayenera kuwakana poyera.

Amene akufuna kuona kumene chizolowezichi chimafikitsa dziko ayang'ane zimene zinachitika ku Lusaka, m'dziko loyandikana nalo la Zambia. Woimba wotchuka wa nyimbo za Chinyanja, Clifford Dimba, amene amadziwika ndi dzina lakuti General Kanene, anapezeka wolakwa m'chaka cha 2014 pa mlandu wogona ndi mtsikana wa zaka 14, ndipo bwalo la milandu linamulamula kukakhala kundende zaka 18. Apolisi anagwira ntchito yawo, mboni zinalankhula, oweruza anagamula. Koma m'chaka cha 2015, munthuyo atangogwirako ukaidi pafupifupi chaka chimodzi, Pulezidenti wa dzikolo pa nthawiyo, malemu Edgar Lungu, anamukhululukira, ndipo anamupatsanso udindo wa kazembe wolimbana ndi nkhanza zochitira amayi ndi atsikana. Uku kunali kusungitsa mbuzi kwa fisi.

Mu December chaka chomwecho akatswiri a za ufulu wa anthu a bungwe la United Nations anadzudzula zimenezi poyera, ndipo anatchulanso kuti chitulukireni kundende woimbayo anali ataganiziridwa kale pa nkhani zina ziwiri za nkhanza kwa amayi. Dziko linachita manyazi pamaso pa maiko anzake. Koma amene anasenza katundu wolemera koposa ndi mtsikana uja, yemwe anaima pamaso pa bwalo kunena zochititsa manyazi zimene zinamugwera, kenaka ndi kuona womuipitsayo akulandiridwa ndi nthungululu. Mtsikana wina aliyense amene anaona zimenezi anaphunzira phunziro limodzi, lakuti kudandaula za munthu wotchuka ndi kutaya nthawi. Phunziro lotere siliyenera kuphunzitsidwa ku Nselema kapena kwina kulikonse m'Malawi.

Ena amati zinthu zimene zinachitika kale nzosayenera kuzifukula. Makolo anayankha kale bodza limeneli pamene anati mlandu suola. Ku America, woimba wotchuka pa dziko lonse R. Kelly anakwatira mwachinyengo woimba mnzake Aaliyah m'chaka cha 1994, iye ali ndi zaka 27, mtsikanayo ali ndi zaka 15 zokha. M'chaka cha 2008 bwalo la ku Chicago linamupeza wosalakwa pa mlandu wina wokhudza mwana, ndipo anapitiriza kuimba ndi kulemera. Koma amayi amene anawazunza ali ana sanatope. Atalankhula poyera m'chaka cha 2019, milandu inatsegulidwa, ndipo mu 2021 bwalo la ku New York linamupeza wolakwa. Mu 2022 analamulidwa kukakhala kundende zaka 30. Kuchokera pa ukwati wachinyengo uja kufikira tsiku la chigamulo panapita zaka 27, koma mlandu unali ukadali wauwisi.

Pa mlandu umenewu pali mfundo imene ogwira ntchito m'Boma ayenera kuisunga mumtima. Bwalo linamva umboni wakuti chiphaso chabodza chosonyeza kuti Aaliyah anali ndi zaka 18 chinapezeka chifukwa wogwira ntchito mu ofesi ina ya boma analandira chiphuphu cha madola 500. Woimba sangaononge ana zaka zambirimbiri ali yekha. Pamakhala womuitanira atsikanawo, womupatsa chipinda pa nyumba yogona alendo, kalaliki wosintha zaka za mwana pa chikalata, ndi wamkulu wina wouza makolo kuti nkhani ithere pakhomo. Onsewa ndi eni mlandu. Mphunzitsi, wa zachipatala, wapolisi kapena mfumu amene wamva dandaulo la mwana nakhala chete chifukwa wodandaulidwayo ndi munthu wa dzina, wagulitsa udindo umene mtundu unamupatsa.

Malamulo a dziko la Malawi pa nkhaniyi ndi omveka, ndipo akhala akukhwimitsidwa. Gawo 138 la malamulo a milandu limaletsa kugona ndi mwana, ndipo chilango chake chachikulu ndi kukhala kundende moyo wonse. M'chaka cha 2011 msinkhu wotetezedwa ndi gawoli unakwezedwa kuchoka pa zaka 13 kufika pa zaka 16, ndipo kuyambira mu 2023 unafika pa zaka 18. M'chaka cha 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 azitchedwa mwana. Palibe mzere ngakhale umodzi m'malamulo onsewa wonena kuti woimba bwino gitala achepetseredwe chilango. Palibenso mzere wonena kuti mbuzi, matumba a simenti kapena fizi ya sukulu zingalowe m'malo mwa bwalo la milandu. Mlandu wotere si wa pa bwalo la mfumu, ndipo mfumu youzenga payokha yalakwira Boma.

Ena amati mtsikanayo anadzifunira yekha, popeza anatsata oimba usiku. Awa ndi mawu a anthu opanda chisoni. Mwana alibe mphamvu yovomera chinthu chotere, ndiye chifukwa chake lamulo limamuteteza ngakhale iye mwini atanena kuti anavomera. Mtsikana wa Sitandade 7 amene waona munthu wa pa wailesi akumuitana ndi dzina, namugulira chakumwa ndi kumulonjeza kuti adzamutengera ku Blantyre kukavina m'gulu lake, sangathe kulimbana ndi nzeru za bambo wa zaka makumi anayi. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Woimba akapakira zida zake ndi kupita, mwanayo ndiye amatsala ndi mimba, matenda, ndi sukulu yolekera panjira, m'boma la Machinga limene likulimbana kale ndi vuto la maukwati a ana.

Enanso amati amene akudandaulawo ali ndi nsanje ndipo akufuna kuipitsa mbiri ya munthu. Nzoona kuti bodza lilipo pa dziko, ndipo munthu aliyense ndi wosalakwa kufikira bwalo litamupeza wolakwa. Chipani sichivomereza kuti anthu azilanga munthu ndi manja awo kapena kumuweruza pa Facebook. Koma njira yolekanitsira choona ndi bodza ndi imodzi yokha, ndiyo kupereka nkhani kwa apolisi ndi kulola bwalo kuti limve mbali zonse ziwiri. Woimba wosalakwa alibe chifukwa choopera bwalo. Amene amathamangira kwa akuluakulu a ndale kuti amutchinjirize, ndiye akudzionetsa yekha.

Apa ndi pamene atsogoleri a Chipani a m'nthambi, m'madera ndi m'maboma ayenera kudziyesa okha. Oimba amakometsa misonkhano ndipo amakopa anthu ambiri, choncho chiyeso chotchinjiriza woimba amene amaimbira Chipani ndi chachikulu. Koma Chipani chinamangidwa ndi amayi ndi abambo a m'midzi, amene ana awo ndiwo akuonongedwa. Mayi wa ku Nselema amene wavala nsalu ya Chipani kudzavina pamsonkhano sangaombere m'manja munthu amene anaipitsa mwana wake, ndipo sadzaiwala mtsogoleri amene anaika munthuyo pa nsanja. M'chaka cha 2018 Boma linaletsa nyimbo ina yotamanda kugwirira ndipo apolisi anamanga mwini wake. Ngati dziko linakwiya chotero chifukwa cha mawu a m'nyimbo, liyenera kukwiya koposa chifukwa cha ntchito yeniyeniyo.

Choncho zoyenera kuchita nzodziwika. Mwana kapena munthu wamkulu amene waulula zimene zinamuchitikira ali wamng'ono amvedwe mwaulemu, ndipo aperekezedwe ku ofesi ya apolisi yothandiza anthu ozunzidwa. Ngati zachitika kumene, apite naye kuchipatala msanga, pasanathe maola 72, kuti alandire mankhwala omuteteza ku kachirombo ka HIV. Nambala ya lamya ya 116 ndi yaulere ndipo inakhazikitsidwira ana. Woimba amene mlandu wake uli m'bwalo asaitanidwe ku msonkhano wa Chipani kapena mwambo wa Boma kufikira chigamulo chitaperekedwa, ndipo amene wapezeka wolakwa agwire ukaidi wake wonse popanda wina kumupempherera chikhululukiro. Ngati walapa, alape ali kundende.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Nyimbo zabwino zidzapitirira kuimbidwa ku Balaka ndi ku Machinga, popeza oimba a mwambo ndi ambiri ndipo iwowo ndiwo ayenera kukhala oyamba kukana anzawo oipitsa dzina la ntchito yawo. Dziko likhoza kupeza woimba wina chaka chilichonse, koma mwana woonongedwa palibe amene angamubwezere ubwana wake.