Kilt siyendera nambala ya jinzi

Mwamuna akavala buluku losamukwana, anthu amangoti wabwereka. Akavala kilt yosamukwana nkhani imakhala ina, amati watenga siketi ya mchemwali wake. Kusiyana kwa awiriwo, amene waoneka bwino ndi amene wasanduka choseketsa pa gulu la WhatsApp, nthawi zambiri kumakhala mainchesi awiri kapena atatu basi. Choncho ngati mwaona chithunzi pa Instagram mtima n'kukhumbira, musafulumire kufunsa za mtundu wa nsalu. Yambani mwapeza tepi.

Kwa amene sakuidziwa, kilt ndi chovala cha amuna a ku Scotland. Chimamangidwa m'chiuno n'kulekeza m'mawondo, kumbuyo chili ndi mapuliti, kutsogolo chili ndi nsalu ziwiri zosalala zosanjikizana. Si chachilendo kwenikweni kwa ife. Mzinda wa Blantyre unatenga dzina la mudzi umene anabadwira David Livingstone, mishoni ya kumeneko inayamba mu 1876, Kamuzu anaphunzira udokotala ku Edinburgh, ndipo mu 2005 Bingu wa Mutharika ndi Jack McConnell anasainirana mgwirizano wa maiko awiriwa. Amene mumakhala kuno ku Area 12, kapena ku Area 10 ndi 43 kumene kuli nyumba za akazembe ndi ogwira ntchito m'mabungwe akunja, mwina munakumanapo ndi mzungu atavala yake kumapeto kwa Novembala pa tsiku la St Andrew, kapena pa 25 Januwale pokumbukira mlakatuli wawo Robert Burns.

Koma yomwe amavala pa masiku amenewo ndi ya mwambo, ndipo sindingakulangizeni kuti muyambire imeneyo. Imasokedwa ndi nsalu ya ubweya wa nkhosa yokwana mayadi 8, amene ndi mamita oposa 7. Ndi yolemera, ndi yodula, sichapidwa m'beseni ndi sopo wamtanda, ndipo anaipangira mphepo ya kumapiri a kwawo. Muiyese mu Okutobala masana pa City Centre, mudzaikumbuka. Yomwe ikutikhudza ife ndi yamakono yongovala tsiku lililonse. Ina imakhala ya mayadi 5 ya nsalu yopepuka, ina ndi ya nsalu yolimba ngati ya ovololo, yokhala ndi matumba m'mbali. Mtundu wa matumbawu unatchuka kuchokera ku Seattle, ku America, kumene kampani ya Utilikilts inayamba mu 2000. Kwa munthu woyenda ndi foni, chaja, makiyi ndi chikwama, matumba si nkhani yamasewera. Kilt ya mwambo ilibe thumba ngakhale limodzi, n'chifukwa chake eni ake amapachika kachikwama kutsogolo kotchedwa sporran.

Tsono pa muyezo. Cholakwika chachikulu ndi kutenga nambala yolembedwa pa jinzi n'kuitumiza kwa wogulitsa. Nambala imeneyo ndi yonyengerera. Makampani ambiri amalemba nambala yocheperapo kuti wogula asangalale, ndiye amene amavala 32 akadziyeza ndi tepi amatha kupeza 34 kapena kuposa. Jinzi ya pa kaunjika ndiye musaikhulupirire n'komwe, inavalidwa ndi munthu wina, inatamuka, ndipo mwina telala wa pa Tsoka anaibweza kale. Komanso jinzi imakhala m'munsi, pa mafupa a m'chiuno, pomwe kilt ya mwambo imakhala pamwamba, pa mchombo penipeni. Zamakono zina zimakhala pamalo a buluku. Funso loyamba kwa wogulitsa kapena telala likhale limeneli: kodi imeneyi ikhala pati? Mukayeza pa mchombo koma chovalacho n'chokhala m'munsi, mudzalandira chinthu chokhwepa, chotsika mpaka kubisa mawondo.

Muyezo musadziyeze nokha. Mukawerama kuti muone nambala, mimba imapindika, tepi imasuntha. Itanani mnzanu. Imani chilili, mapazi motalikirana pang'ono, mwavala malaya opepuka, m'matumba mulibe kanthu. Ndipo chonde achimwene, musabweze mimba. Tonse timatero tikaona tepi, koma kilt simudzaivala mutagwira mpweya tsiku lonse, ndipo pa chinkhoswe pali mpunga. Tepi igwire thupi bwinobwino osafinya.

Wachiwiri ndi wa m'mahipi, pamene thupi latambalala kwambiri kumbuyoku. Ambiri amaudumpha chifukwa mashopu ena a pa intaneti amangofunsa chiuno ndi kutalika. Apa ndi pamene zimavutira. Mapuliti amasokedwa kuchokera m'chiuno kutsika mpaka pamene patambalala, kenako n'kusiyidwa kuti azilendewera okha. Malo akachepa pamenepo, mapuliti amayasamula ngati fani ya pepala, nsalu ya kutsogolo imakokeka n'kutsegula m'mbali. Zovala zosokeratu amazipangira thupi lomwe chiuno ndi mahipi zasiyana pang'ono. Mnyamata wosewera mpira kapena wonyamula zitsulo, wa chiuno chaching'ono koma ntchafu ndi mbuyo zodzadza, zosokeratu sizimukhala kawirikawiri. Apa tepi ikhale yomasukirako, yolola zala ziwiri kulowa.

Kutalika ndi kumene kumagamula mlandu wa siketi uja. Kilt imalekeza pamwamba pa bondo kapena pakati pake, osapitirira. Ikatsika n'kubisa bondo lonse imaoneka ngati yunifolomu ya mtsikana wa kusekondale, ikakwera kwambiri mudzavutika pokhala. Njira yakale ndi yogwada: gwadani pansi msana uli chilili, mnzanuyo ayeze kuchokera pomwe chovalacho chidzakhale kufika pansi, kenako achotseko inchesi imodzi. Zosokeratu zambiri zimabwera ndi mainchesi 24, pafupifupi masentimita 61, muyezo wa mwamuna wamtali ndithu wovalira pa mchombo. Ambiri a ife sitifika pamenepo. Ndipo kufupikitsa kilt sikuli ngati kupinda buluku, chifukwa telala ayenera kumasula ndi kusitanso puliti iliyonse.

Malamba a m'mbali amathandiza, koma pang'ono. Amakupatsani mwayi wa mainchesi ochepa, okwanira masiku omwe mwakhuta kapena mwatsikako. Muyezo wanu ugwere pa bowo la pakati. Ngati tsiku loyamba mwamangira kale pa bowo lomaliza, chovalacho si chanu.

Pa nkhani ya kogula, ine maganizo anga ndi oti mupite kwa telala. Zotsika mtengo zambiri za pa intaneti zimasokedwa ku Sialkot, ku Pakistan, ndi nsalu ya acrylic yomwe pa chithunzi imaoneka ngati ubweya koma imatentha ndiponso imachita timibulu ikakhalitsa. Muwonjezere mavuto a ndalama zakunja, mtengo wotumizira, msonkho wa MRA, ndi masabata odikira. Ikafika yosakwana, kuibweza kungadye ndalama zoposa zomwe munagulira, ndiye imangokhala m'sutikesi. Pomwe ku Old Town, nsalu muisankha ndi manja anu m'mashopu a ku Area 2, ndipo matelala amene amasoka masiketi a mapuliti a ana asukulu chaka ndi chaka luso la mapuliti ali nalo kale. Chimene ambiri sanasokepo ndi kapangidwe kake, ndiye muwafotokozere bwino: kutsogolo kulibe puliti ngakhale imodzi, nsalu yamkati imachokera kumanja kupita kumanzere, yakunja imabwera pamwamba pake n'kumangidwa kudzanja lamanja. Muwaonetse zithunzi zitatu, cha kutsogolo, cha kumbuyo ndi cha m'mbali. Ndipo mugwirizane kuti mudzayese isanamalizidwe.

Masamu a nsalu ndi osavuta. Puliti yogundana ndi inzake imadya nsalu katatu kuposa malo omwe ikuoneka. Tiyerekeze kuti m'mahipi muli mainchesi 40. Theka la kumbuyo ndi 20, kuchulukitsa katatu ndi 60. Nsalu ziwiri za kutsogolo ndi 20 iliyonse, zonse pamodzi 100, kuposa pang'ono mamita awiri ndi theka, osawerengera zopinda ndi lamba. Mamita atatu akukwanirani movutikira, anayi akupatsani mapuliti akuya amene amagwedezeka bwino poyenda. Telala akakuuzani kuti mamita awiri akwana, dziwani kuti akufuna kukusokerani siketi.

Chitenje chimatheka, ndipo chimakongola, koma chili ndi zake. Ndi chopepuka, ndiye mphepo ya mwera ya mu Juni kapena kamvulumvulu wa mu Seputembala akhoza kukuchititsani manyazi pa mphambano. Pemphani kuti nsalu ya kutsogolo aiikire ina mkati kuti ilemereko. Maluwa akuluakulu amasweka m'mapuliti n'kusanduka chisokonezo, sankhani timizere kapena timabokosi tating'ono. Njira ina yabwino ndi kusoka thupi lonse ndi nsalu ya khaki kapena yakuda yolimba, chitenje n'kuchibisa mkati mwa mapuliti kuti chizionekera mukamayenda basi. Thonje siligwira puliti ngati ubweya, ndiye telala adutsitse ulusi m'mphepete mwa puliti iliyonse mpaka pansi, apo ayi mudzakhala mukusita Loweruka lililonse, magetsi akakhalapo.

Ena akufunsa kale mumtima kuti nanga anthu adzati chiyani. Adzanena ndithu. Koma mwamuna wosavala buluku si zachilendo kuno. Angoni akamavina ingoma ku Hora kapena ku Ntcheu amavala zibiya, ndipo palibe amene amakayikira umuna wawo. Amuna achilozi ku Zambia amavala siziba pa mwambo wa Kuomboka, chovala chomwe chimafanana kwambiri ndi kilt. Agogo athu ambiri anakula akumanga nsalu. Buluku ndi limene linabwera mochedwa.

Chosangalatsa n'choti kilt nayo inaletsedwapo. Boma la Britain linakhazikitsa lamulo mu 1746 loletsa amuna a kumapiri a Scotland kuivala, mpaka linachotsedwa mu 1782. Ifenso tinali ndi lathu la 1973 loletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi, lomwe linatha mu 1993. Lamulo linatha, koma mu Januwale 2012 mavenda ena anavula amayi m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha zovala zomwezo. Alongo athu amadziwa bwino kuti chovala chomwe chili bwinobwino ku Area 12 chimatha kuitana mluzu ndi mawu oipa pa depoti. Mnyamata wovala kilt alawako zomwezo, ndipo mwina zimuthandize kumvetsa zimene mlongo wake amawerengera m'mawa uliwonse asanatuluke. Ulendo woyamba ukhale wa ku phwando la anzanu, ku chionetsero cha nyimbo kapena ku chinkhoswe cha munthu amene mwamuuziratu. Kwa apongozi ndi kumaliro, valani buluku.

Pali nthano yoti mkati savala kanthu. Zisiyeni za ku Scotland zimenezo, inu valani kabudula wamkati wakuda wogwira thupi, chifukwa kuno timakwera kabaza. Pokhala pansi, dutsitsani manja kumbuyo kusalaza mapuliti musanafike pa mpando, nsalu ya kutsogolo igwere pakati pa miyendo. Pa mpando wa minibasi wong'ambika uja, onetsetsani kuti waya sanakole puliti musanaimirire. Pini yokongoletsera, ngati mwaigula, imabayidwa pa nsalu yakunja yokha kuti ilemere. Mukalumikiza nazo nsalu zonse ziwiri, sitepe yoyamba yaikulu idzang'amba.