Maola 24 a mlonda amapita kuti?

Lamulo la ntchito la dziko lino, la chaka cha 2000, limanena mosabisa kuti munthu asagwire ntchito maola opitirira 48 pa sabata. Akapitiriza, ola lililonse lilipiridwe padera: malipiro a ola limodzi ndi theka pa tsiku wamba, a maola awiri pa tsiku lake lopuma kapena la tchuthi. Tsono funsani mlonda amene wakutsegulirani geti m'mawa uno. Alonda ambiri amalowa 6 koloko madzulo n'kuweruka 6 koloko m'mawa, masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Amenewo ndi maola 72. Pa maola 24 oonjezerawo, ndi angati amene amalandirapo ngakhale tambala?

Bungwe la antchito la MCTU likakhala pansi ndi bungwe la olemba ntchito la ECAM komanso unduna wa zantchito, mkangano umakhala pa chiwerengero cha malipiro otsikitsitsa. Mu 2021 anali K50,000 pa mwezi, mu 2024 anafika pa K90,000, mu 2025 anakwera kufika pa K126,000. Pa pepala zikuoneka ngati wantchito akupita patsogolo. Koma kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo sinadikire aliyense. Kumayambiriro kwa 2025, m'misika ina thumba la chimanga la makilogalamu 50 linafika pa K100,000. Munthu wochezera usiku mwezi wathunthu, kulumidwa ndi udzudzu uku akulondera chuma cha eni ake, malipiro ake a K90,000 a nthawiyo osakwana thumba limodzi. Nanga lendi, sopo, makala, ndiwo?

Ndalama ikaperewera, wantchito amalipira ndi thupi lake. Minibasi anaisiya kalekale. M'bandakucha misewu yochokera ku Bangwe, ku Ndirande ndi ku Mtandire imadzaza ndi anthu oyenda pansi, ndipo maola amenewo palibe amene amawawerengera. Mlonda akaweruka sagona, amabwereka njinga n'kukapalasa kabaza mpaka masana. Usiku akapezeka akuodzera, bwana amamudula malipiro, ati ndi waulesi. Mwezi usanafike pakati, wapita kale kwa wakatapila.

Koma amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi antchito a m'nyumba. Malipiro awo ovomerezeka ndi boma ndi otsika kuposa a wina aliyense, komabe makomo ambiri safikitsa ngakhale pamenepo, ati poti "amadya konkuno". Mtsikana amayamba kudzuka ndiye, kutenthetsa madzi osamba, kukonzekeretsa ana a sukulu, n'kudzagona mbale za mgonero zitauma. Amene amamulemba ntchito si kampani yakunja. Ndi mphunzitsi, namwino, mkulu wa mpingo, anthu amene nawonso amadandaula kuti boma likuwalipira zochepa. Dandaulo lawo ndi loona, koma silifafaniza maola a mwana wa mnzawo.

Wantchito akadandaule kuti? Ku khothi la nkhani za ntchito milandu imakhalitsa, ndipo munthu wodya za lero lomwe sangadikire. Kunyanyala nako kunavuta: mu 2021 Nyumba ya Malamulo inalola olemba ntchito kudula malipiro a onyanyala akapitirira masiku atatu pa chaka. Tinaiwala msanga kuti mu May 1992 anali antchito a ku David Whitehead ku Blantyre amene anayamba kunyanyala komwe kunagwedeza ulamuliro wa chipani chimodzi. Ndipo bwana amadziwa kuti kunja kwa geti kuli achinyamata ambirimbiri amene angavomere ntchito yomweyo pa ndalama yochepa.

Nduna ikamadzalengezanso malipiro atsopano, tidzaifunse za maola. Wolemba ntchito aliyense azipereka chikalata cha malipiro chosonyeza maola amene munthu wagwira ndi ovataimu yake. Oyendera malo a ntchito apatsidwe mafuta a galimoto, ndipo aziyenda usiku, nthawi imene alonda ali pa ntchito.