Wobwerera kwawo apatsidwe ndalama m'manja

Pa msonkhano wathu wapitawu, nkhani ya ndalama zothandiza anthu obwerera kumudzi mwakufuna kwawo itangotchulidwa, achinyamata angapo obadwira kuno ku Britain anapsa mtima. Mtsikana wina anati ndalama zimenezi ndi chiphuphu, boma likungogula anthu akuda kuti achoke. Ambiri anaomba m'manja. Ife achikulire tinakhala chete, koma sikuti tinagwirizana nazo. Tinkaganizira anthu amene timawadziwa ndi mayina awo omwe.

Pali mawu amene mwina ena a inu simunawamvepo: kutchona. Mtchona ndi munthu amene anapita kunja kukagwira ntchito n'kuzimiririka, osatumiza kalata, osabwera ngakhale pa maliro a mayi ake. Mawuwa ndi akale, a nthawi imene agogo athu ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela. Kumudzi amati mtchona waiwala kwawo. Ambiri sanaiwale ayi, chimene chimawamanga ndi manyazi. Taganizirani amalume amene akhala kuno zaka 18 opanda mapepala. Abale anagulitsa ng'ombe kuti iwo akwere ndege. Msana watha ndi ntchito zobisalira, maondo akukana, akugona pa sofa ya mnzawo ku Luton. Kwawo akukufuna. Koma akatsike basi pa depoti ya Wenela ku Blantyre ndi kachikwama kamodzi, ana a achemwali awo atatambasula manja? Amaona kuti bola kufera konkuno. Ndipo ena amaferadi konkuno, kenako ife n'kusonkha ndalama pa WhatsApp zotumizira mtembo. Ndalama zonyamulira womwalira timazipeza msangamsanga, koma zoti wamoyo akayambirenso moyo timaziona ngati zonyansa.

Thandizo tikunenali si lachilendo. Kuno, Home Office ili ndi Voluntary Returns Service, imene imapereka tikiti, kuthandiza pa zikalata zoyendera, ndipo kwa oyenerera imawonjezera ndalama zofika mapaundi 3,000. Bungwe la IOM, lomwe linakhazikitsidwa mu 1951, limayendetsa ntchito yotereyi m'maiko ambiri. Germany inayamba yake mu 1979.

Kubwerera chimanjamanja tinakuona. Mu 2015, ziwawa zolimbana ndi anthu obwera zitabuka ku Durban, boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu ake. Mu May 2020, nthawi ya Covid-19, anthu mazanamazana ochokera ku South Africa anawasunga pa Kamuzu Stadium, ndipo ambiri anathawa. Basi imafikitsa munthu, koma simupatsa chochita mawa lake. Akadya nsima ya achibale mwezi umodzi, nkhope zimayamba kusintha, ndipo posakhalitsa amakongola ndalama n'kuyambanso ulendo wa ku Joni kudzera ku Mwanza ndi Tete, nthawi zina m'njira zoopsa kuposa poyamba.

Tsono n'chifukwa chiyani tikuumirira ndalama, osati katundu? Mabungwe ena amakonda kupereka makina osokera, mbuzi kapena maphunziro a bizinesi, poopa kuti munthu akapatsidwa ndalama akamwera mowa. Mantha amenewa anafufuzidwa kale. Mu 2014, David Evans ndi Anna Popova a ku World Bank anaunika kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana ndipo anapeza kuti anthu osauka akalandira ndalama sawonjezera kugula mowa ndi fodya. Ku Malawi komweko, Mtukula Pakhomo anayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo akupitirirabe, chifukwa mabanja amagulira chakudya, mayunifolomu ndi ziweto. Ngati gogo wa ku Mchinji timamukhulupirira ndi ndalama, bwanji munthu amene wadzisamalira yekha m'dziko la eni zaka zonsezi? Iye ndiye akudziwa kuti choyamba n'kubweza ngongole ya ng'ombe ija, kapena kulipira lendi ya miyezi ingapo ku Ndirande, kapena kugula mankhwala a shuga. Makina osokera opatsidwa kwa munthu amene sanasokepo amakathera pa msika, pa theka la mtengo wake.

Komabe mtsikana uja sanalakwitse zonse, ndipo apa ndi pamene tikufuna mkwiyo wanu. Mawu akuti "mwakufuna kwake" amatha kukhala bodza. Munthu amene waletsedwa kugwira ntchito, kuchita lendi ndi kutsegula akaunti ku banki, akasaina fomu, kodi wafunadi? Mu March 2024 boma la panthawiyo linafika polonjeza ndalama zomwezi kwa anthu okanidwa chitetezo kuti apite ku Rwanda, dziko limene si kwawo n'komwe. Kumeneko kunali kugula anthu ndithu. Palinso zimene munthu amataya akavomera. Wochoka pa ndalama za boma amaletsedwa kubwereranso kuno kwa zaka zingapo. Malamulo a kuno amalola amene wakhala zaka 20 mosalekeza, ngakhale opanda mapepala, kupempha chilolezo chokhala. Amalume athu a zaka 18 aja angotsala ndi ziwiri. Mwana wobadwira kuno amene wakhala zaka zake 10 zoyambirira kuno ali ndi ufulu wolembetsa kukhala nzika. Banja lisasaine kanthu lisanamve zimenezi kwa loya woima payekha, amene salipidwa ndi ofesi yomwe ikufuna kuti achoke. Akamva zonse n'kunenabe kuti ndikupita kwathu, ife ndife yani kuti timuuze kuti akane ndalamazo pofuna kusunga ulemu wa gulu?

Ife amene timagwira ntchito za makompyuta timadziwa kuti dongosolo labwino pa pepala limafera pa tinthu ting'onoting'ono. Kalembera wa ziphaso za unzika ku Malawi anachitika mu 2017. Amene anachoka kale alibe chiphasocho, ndipo popanda icho zimavuta kulembetsa SIM, kutsegula Airtel Money kapena Mpamba, ngakhale akaunti ku banki. Thandizo la chiphaso liziyamba munthu asananyamuke. Kwacha nayo siikhazikika. Mu November 2023 inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, choncho amene anali atangosintha ndalama zake zonse anadzuka atasauka. Ndalamazo zizisungidwa m'mapaundi kapena m'madola, mwini wake n'kumatapa pamene wafunira. Zimenezi zimamutetezanso kwa achibale amene amafika tsiku loyamba lomwelo.

Inu muli ndi zimene makolo anu ambiri analibe pofika kuno: pasipoti, voti, ndi Chingerezi chimene sichiopa ofesi. Lemberani phungu wa dera lanu, mum'funse ngati anthu amalandira uphungu waulere wa zamalamulo asanasaine, komanso ngati pali amene amawatsatira pakatha chaka kuti aone mmene zikuwayendera. Ndipo Lamlungu likubwerali, amalume aja akadzakhala kumbuyo m'tchalitchi ndi envulopu ya khaki m'thumba la jekete, akhaleni pafupi, muwapemphe mwaulemu kuti muwerengere limodzi tsamba lililonse, kuphatikizapo timalemba tating'ono ta kumapeto.